Kapiko Kothyoka ka Chiperoni

A Wilson Nampuru ndimakhala nawo mpanda umodzi kuno ku Boma, kuseri kwa msika, ndipo khoma la kuchipinda kwawo ndi lomwelonso la kukhitchini kwanga. Ndiye ndikamanena za iwo musati ndi zam'maluwa.

Ntchito yawo ndi yokonza mafiriji, mafani ndi maeyakoni, makina aja oziziritsa m'nyumba. Anaiphunzirira kuesiteti ya tiyi, komwe analowa ngati wogwirira anzawo makwerero mpaka anadzakhala wokwera ndi iwo. Nyumba zonse za mabwana zinkazizira ndi manja awo. Esitetiyo itasintha eni, zipani zitangochuluka kumene, anawachotsa, iwo n'kudzakhoma kashedi kamalata pafupi ndi depoti ya minibasi. Ndi munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, koma mukangowafunsa za mphepo mwaputa mavu. Amanyansidwa ndi anthu olozetsa eyakoni kumaso.

"Mphepo sathira munthu ngati madzi," amatero. "Ilozetseni kukhoma, ikagunde kumeneko, ifike kwa inu itatopa."

Koma paja woumba mbiya amaphikira m'phale. Nyumba yawo inali yamalata otsika, yopanda siling'i, moti mwezi wa Okutobala ukalowamo umatuluka utapsa. Akazi awo, a Dainess, ankawaseka nazo. Ankawatchula kuti apwiya, ndiye kuti bwana m'Chilomwe cha makolo awo, ndipo ankati, "Apwiya angawa aziziritsa Mulanje yense, ine ndekha ndiye anandisiya pamoto."

A Dainess anali mayi wamtali, wa mawu aakulu, wogulitsa nanazi ndi nthochi m'mphepete mwa msewu wa ku Blantyre. Amuna awo ankawalera ngati khanda. Madzi osamba kuwaperekera, nzimbe kuwasendera, ngakhale kapu ya madzi akumwa sankalola kuti adzitungire okha. Ine ndinkawakalipira kuti mukuwononga mwamunayu, tsiku lina adzafa ndi ludzu mtsuko uli pambali. Iwo ankangoseka n'kunena kuti manja anawapatsa Mulungu ndi a ntchito imeneyo.

Kenako mtima unayamba kuwavuta. Miyendo inatupa, mpweya unkawathera akangoyenda kuchoka pakhonde kufika pabafa. Kuchipatala anawagoneka, kenako anawatulutsa ndi mankhwala, ndipo adokotala anawatengera a Wilson pambali. Zomwe anauzidwa sanatiuze, koma tinaziwerenga pankhope. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Jenifer, amagwira ntchito ku Limbe ndipo ankangotha kubwera Loweruka. Chilimwe cha chaka chimenecho chinali choopsa, tiyi m'minda anachita kufota, ndipo masana a Dainess ankapuma atayasamula kukamwa ngati nkhuku yogona pamthunzi. Zinkandimvetsa chisoni kwambiri, mayi uja ankamveka msika wonse.

A Wilson anatseka shedi. Anapita kwa mwini malo ena ogona alendo amene anataya eyakoni yakale, ya bokosi ija yolowetsa m'khoma, n'kuibweretsa panjinga. Anaiphwasula yonse pakhonde. Sefa yake inali itatsekeka ndi fumbi, mapaipi akudontha gasi, fani yam'kati ikulira ngati chigayo. Anatsuka, anawotcherera, anathira gasi wina. Anaboola khoma la kuchipinda moyang'anizana ndi chitseko, kudenga anakhoma makatoni ndi mphasa, ndipo ine kukhitchini kwanga fumbi lokhalokha m'ndiwo. Sindinadandaule.

Atayatsa, a Dainess anatsinzina, n'kukoka mpweya wautali womwe anali asanaukoke kwa milungu.

"Chiperoni!" anatero.

Agogo awo anachokera kutsidya, ku Mozambiki, kufupi ndi phiri lomwe kumachokera kamphepo kamawawa kaja ka mu Juni. Chiperoni chikagwa, ife tikunjenjemera, iwo ankati akwawo awapatsa moni. Basi dzina la makinawo linakhala lomwelo.

Pakamwa pa Chiperoni panali timapiko tapulasitiki toimirira, totembenuza ndi chala, tomwe timalozetsa mphepo uku kapena uko. A Wilson anatilozetsa kukhoma la kumutu kwa bedi, monga mwa chiphunzitso chawo, kuti mphepo izitsikira pa odwala mofatsa. Makinawo anali okalamba, ankaziziritsa kokhako komwe aloza. Kwina konse m'chipindamo kunali kotentha ndithu. Kuti asamatalikire akazi awo, a Wilson analowetsa tebulo lawo lantchito n'kuliika pafupi ndi chitseko, ndipo ankakhala pamenepo tsiku lonse akuwotcherera mawaya a mafani a anthu, thukuta lili kamukamu. Anadulanso nsungwi yaitali n'kuwapatsa a Dainess kuti iwo akachokapo, azigogoda nayo khoma ine ndizimva.

Vuto linayamba ndi timapiko tija. A Wilson akatisiya titaloza kubedi n'kupita kukasamba kapena kukagula mankhwala, pobwera ankatipeza titatembenukira kuchitseko, mphepo yonse ikuthera patebulo pawo, odwala ali thukuta. Munthu wofatsa uja ndinamumva akutukwana makina. Anati timapikoto takhwepa, tikugwedezeka ndi kunjenjemera kwa fani. Anapanikiza ndi timphira ta chubu cha njinga. Mawa lake tatembenukanso. Anamanga ndi kawaya. Tatembenukanso. Zinkawapweteka mumtima, chifukwa chinthu chimodzi chokha chomwe akanatha kuwachitira akazi awo chinali kuti mphepoyo ikhale pa iwo, ndipo chinkawakanika.

Tsiku lina masana ndinapita ndi phala, a Wilson atapita kumsika. Ndinapeza a Dainess atadzuka theka, nsungwi ili m'mwamba, akukankha timapiko tija kamodzikamodzi. Kalikonse kakatembenuka ankaima kaye kuti apume.

"Amake Jenifer, mwatani kodi? Mphepoyi ndi yanu!"

Anagwetsa nsungwi pabulangete, n'kundiyang'ana ngati mwana wogwidwa ndi dzanja mumphika.

"Inu simuona malaya a apwiya anga kumsanaku? Amachita kumata." Anapuma. "Kale ndinkawatungira madzi. Ndinkawachapira. Pano ndi iwo akundisambitsa, anzanga, mwamuna wamkulu kumanditayira mtsuko wa usiku. Chatsala n'chiyani choti ndiwapatse? Ndi kamphepo komweka. Musawauze, andilanda nsungwi yanga."

Ndinafuna kuwakalipira monga kale, koma ndinangotenga supuni. Ndinawamwetsa phala, n'kutuluka.

Sabata yomweyo a Wilson anagula guluu wolimba uja wa machubu awiri. Anakwera pampando, anata timapiko tonse titaloza kubedi, n'kutsika akupukuta manja, nkhope ikuwala koyamba chiyambire matendawo.

"Tsopano tione ngati titembenukenso. Mayi, mphepo yanu sichokanso."

"Mwachita bwino, apwiya," anatero a Dainess, n'kutembenukira kukhoma.

Sindikunena kuti guluu ndi amene anawapha, ayi, unali mtima. Koma kuyambira tsiku limenelo nthabwala zinatha, ndipo phala ankangolawa. Patapita masiku angapo a Wilson anapeza kapiko kamodzi kapakati kulibe, pangotsala mpata ngati dzino lazuka. Anati guluu waumitsa pulasitiki yakaleyo mpaka yathetheka. Anafunafuna pansi pa bedi osakapeza, n'kunena kuti amuuza Jenifer akafunse kena ku Limbe. Nthawi yake sinapezeke. A Dainess anatisiya Lamulungu m'mawa, mabelu akulira, mitambo ya mvula yoyamba itangoyamba kusonkhana paphiri.

Pokonza thupi tinalipo amayi a mvano ndi achibale awo ochokera kwa Milonde. Pakona ya chitenje chomwe anavala panali mfundo, pomwe ife amayi timamangapo ndalama. Nditamasula ndinapeza kapiko kaja, kothyoka chakutsinde, guluu wouma ali mbali imodzi. Amayi ena anadabwa. Ine ndinangokalowetsa m'thumba la bulauzi.

Tinakaika kwawo kwa Milonde. Titabwerako, anthu atabalalika, ndinawapeza a Wilson atakhala pakhonde, manja ali pamaondo, ndipo ndinawapatsa kapiko kaja. Anakatembenuza uku ndi uku monga amachitira ndi chitsulo chilichonse chowonongeka. M'mphepete mwake munali timabala tambirimbiri tokandika.

"Izi si za guluu," anatero. "Kanachita kumenyedwa."

"Ndi nsungwi ija, bambo a Jenifer. Timapiko tija sitinakhwepe. Ankatembenuza ndi akazi anu, kuti inu muzizidwe."

Anaimirira n'kulowa kuchipinda, ine ndikuwatsatira mpaka pakhomo. Anayatsa Chiperoni, n'kukhala pampando wawo wa patebulo paja. Mphepo yonse inapita kukhoma la kumutu kwa bedi lopanda munthu. Koma pampata pa kapiko kothyoka panatuluka kamphepo kowonda, kolunjika, kakudutsa chipinda chonse mpaka kudzawagunda pakhosi. Ndinaona kolala ya malaya awo ikugwedezeka.

"Ndinkakamva," anatero chapansipansi. "Masiku onse omaliza aja ndinkakamva apa. Ndinkati ndikonza."

Anagwira pakhosipo ndi dzanja n'kuyamba kulira, kulira komwe sanalire kumanda. Ine ndinatseka chitseko n'kupita kukalirira kwanga.

Shedi anatsegulanso, ndipo mpaka lero amakalipira makasitomala olozetsa eyakoni kumaso. Jenifer anabweretsadi timapiko tatsopano kuchokera ku Limbe, ndipo tili m'pepala momwemo pawindo. Tebulo lija sanalitulutse kuchipinda. Okutobala akafika, magetsi akakhalapo, ndimamva Chiperoni chikulira kuseri kwa khoma langa, ndipo ndimadziwa pomwe akhala.