Tikiti ya sitima yatuluka m'dzina langa

Mwaswera abale. Mtima wanga suli m'malo, tandimverani.

Paja ndinati madamu amene ndimawagwirira ntchito anditenga pa sitima yapamadzi ya alendo kuti ndizikalera mwana? Tabwerera kunyumba kwawo ku Al Nahda masana ano. Injini inafa tisananyamuke n'komwe. Tagonamo masiku awiri padoko, a sitima akungoti "inshallah mawa", Mulungu akalola. Wantchito wina wa ku Chipata anandinong'oneza kuti si koyamba, sitimayi inakhalitsa osayenda chifukwa cha korona.

Ine PCR ya korona ndinayezetsa, mphuno ikuwawabe, koma nyanja ndangoionera pawindo, AC itazima, masiki kukamwa, mwana kumsana.

Tsono nkhani ndi iyi. Kampani yabweza ndalama kwa madamu, kenako yapereka ulendo wina waulere kwa aliyense amene anakwera. Wanga aulemba m'dzina langa la pa pasipoti, ndipo akuti sasintha.

Madamu angoti, "Khalas, basi yatha, Chisomo, tidzapita limodzi, udzagwira mwana."

Ndiye chipepesocho n'changa kapena n'chawo? Amayi, achimwene, ndipemphe off ndikakwere ndekha, kapena nditseke pakamwa poti kontilakiti ikutha posachedwa?

Zaka zitatu kuno, aka n'koyamba pepala kundilemba kuti mlendo, osati wantchito.