Maso Amene Bambo Ankafuna Kusiya

Pamene bambo anga ankalandira diso la munthu wakufa, panalibe wachibale ndi mmodzi yemwe amene anathamangira kwa shehe kukafunsa ngati Chisilamu chimalola. Mafunso anayamba tsiku limene iwo ananena kuti akadzamwalira, nawonso adzapereke maso awo. Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima.

Bambo anali telala pakhonde la sitolo ina ku Nchalo. Anabwera kuchigwa kuno ali mnyamata, Msilamu, n'kukwatira mayi anga, Mkhristu wa kwa Makhuwira, mwana wa asodzi. Diso lawo lakumanja linayera atalaswa ndi tsamba la nzimbe, ndipo kulowetsa ulusi pa singano kunasanduka nkhondo. Madokotala a ku Blantyre, pothandizana ndi anzawo ochokera kunja, anachotsa kachikopa kapamwamba pa disolo n'kusokererapo kena, ka munthu amene anamwalira kudziko lakutali. Bambo anabwerako akutama msoko wake. Ankati telala waluso chotero sanamuonepo.

Atabwerera pa makina, anayamba kunena kuti kupatsa n'kuika, ndipo iwo sangalowe m'manda ndi maso oti akanathandiza wina. Apa ndi pamene bambo aang'ono, mng'ono wawo amene ankayendetsa thirakitala ku esiteti ya nzimbe, anadzuka ndi chipembedzo chonse. Munthu yemweyo amene anawaperekeza ku Blantyre, atawanyamulira chikwama, tsopano ankati zimenezo n'zaharamu, zoletsedwa. Ankati thupi si lathu, Mulungu anangotisungitsa, ndipo kucheka wakufa n'chimodzimodzi kucheka wamoyo. Ndinawafunsa za munthu wakunja uja amene anachekedwa kuti akulu awo aone. Anandiyankha kuti ameneyo sanali Msilamu. Anadziwa bwanji, dzina lake lomwe sitinalimvepo?

Ndinkayembekeza kuti mayi akhala kumbali yathu. Ndinalemba m'madzi. Chikwatiwireni anali asanagwirizanepo ndi alamu awowo pa chinthu chilichonse, ngakhale pa mchere wa m'ndiwo, koma pa izi anakhala amodzi.

"Nkhabe," anatero mayi, Chisena chitawatulukira monga chimachitira akakwiya. "Aende na maso ace onsene. Ine ndikadzawatsata, adzandizindikira ndi chiyani?"

Ndiye bambo anatuma ine. Ndinali mphunzitsi ku Bangula, ndipo kwathu wophunzira ndiye amasenza zonse zimene ena atopa nazo. Anati ndikafunse mashehe, ndibwere ndi yankho lomveka, ndipo tsiku lawo likadzafika ndidzaonetsetse kuti zachitika. Ndinalonjeza, mwina mofulumira kwambiri.

Shehe woyamba anakana ndisanamalize kufotokoza. Wachiwiri anandimvetsera bwino, n'kunena kuti ophunzira ambiri a Chisilamu amalola, malinga mwini wake anavomera ali moyo, palibe kugulitsa, ndipo chiwalocho chikukathandiza munthu wamoyo. Anati imeneyo ndi sadaka, ngakhale alipo ena amene amaona mosiyana. Wachitatu anati ayambe wafunsa akuluakulu, ndipo ndikuganiza kuti akufunsabe. Zaka ziwiri ndinakhala ndikuyenda pa kabaza, kudikira pamakonde a anthu dzuwa lili pamutu, mpango utanyowa ndi thukuta. Yankho lililonse limene ndinkabwera nalo, bambo aang'ono ankalipezera chilema. Shehe wachiwiri uja atandilembera kalata, bambo aang'ono anati ameneyo ndi mwana, ndevu zake n'zadzulodzulo. Pa Idi ina tinadya mpunga aliyense atayang'ana kwake.

Chaka chachitatu bambo anadwala chifuwa, ndipo mwezi wa Okutobala anawagoneka pachipatala cha boma. Nditaona kuti akufooka, ndinatenga kalata ija n'kupita nayo kwa dokotala, ndikudzimva kuti ntchito ndaigwira. Anaiwerenga mpaka pansi, n'kundibwezera ndi manja awiri.

"Mayi, bambo anu ali ndi mtima wabwino," anatero. "Koma kuno tilibe wochotsa, tilibenso posungira. Kachikopa kamene anawaika kaja kanachita kubwera pa ndege. Sindikudziwa kumene ndingakutumizeni."

Ndinatuluka n'kukakhala pa benchi pansi pa mtengo wa nimu, ndipo ndinaseka mpaka mayi wina wodikirira wodwala anasuntha. Amati safunsa anadya phula. Ife tinafunsa mpaka kutha nsapato, tinadana pachibale, koma palibe amene anaganiza zofunsa ngati pali munthu woti adzabwere kudzatenga masowo. Ine ndemwe, mphunzitsi, sindinaganizeko. Ndinakwiyira bambo aang'ono, ndinakwiyira mashehe, ndinakwiyira dokotala wosalakwayo, koma kwambiri ndinadzikwiyira ndekha.

Nditabwerera mu wodi ndinapeza mayi akuwapepesa kamphepo ndi chivindikiro cha bakuli. Bambo anadikira kuti mayi atuluke kukatunga madzi, kenako anandikodola.

"Wawaonetsa kalata?"

Ndinati ndawaonetsa.

"Ndiye adzabwera?"

Ndinayang'ana manja awo, zala zokhala ndi zipsera za singano, zitagona pa chitenje. Ndikanawauza zoona. Anali munthu wosakonda kunamizidwa, ngakhale kasitomala akati diresi lamukwana pamene likumuthina, ankalivulitsa n'kulisokanso.

"Adzabwera, bambo," ndinatero.

Anapumira m'mwamba n'kutseka maso. Ndinkaganiza kuti agona, koma anayankhulanso.

"Udzawauze atenge lakumanzere lokha. Lakumanjali si langa."

Anamwalira Lachinayi m'mawa. Chisilamu sichigoneka maliro, ndipo kutentha kwa kuchigwa kuno sikudikira munthu. Pofika masana anali atawasambitsa, atawakulunga m'sanda, amuna atawanyamula kupita nawo kumanda. Ife akazi tinatsala pakhomo.

Pobwera kumandako, bambo aang'ono anaima pamaso pa anthu n'kundithokoza kuti pamapeto pake ndinasiya makani, ndinalola akulu awo kupita athunthu. Mayi anandigwira dzanja, nawonso kuthokoza. Onse awiri akukhulupirirabe kuti ndinamvera iwo, ndipo bambo anapita akukhulupirira kuti ndinamvera iwo. Ndine ndekha amene ndikudziwa kuti mawu omaliza amene ndinawauza bambo anga anali bodza.