Nyimbo Imene a Hilario Anaitola pa Nsalu

A Hilario a ku Ndamera anakalamba ndi ndodo ziwiri m'manja, osati zoyendera ayi, zoimbira valimba. Valimbayo anaisema okha: matabwa a mlombwa oyalidwa kuyambira laling'ono mpaka lalikulu, kunsi kwake zipanda zolendewera zokuza mawu. Pa ukwati, pa mowa, pomanga chiliza, munthu ankatumidwa pa njinga kukawatenga. Akazi awo asanamwalire ankadandaula kuti anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi matabwawo. Sankanama.

Nyimbo zawo zonse zinali ndi kochokera. Ina inali ya asodzi, ina anawasiyira amalume awo, ina inaoloka malire kuchokera kuseri kwa Marka. Koma panali imodzi yopanda mawu, yosavinika, imene ankaiimba kumapeto anthu atatopa. Inkayamba pansipansi ngati madzi olowa kunsi kwa chitseko, n'kumakwera, n'kumakwera, mpaka ndi oledzera omwe ankasiya kulongolola. Munthu akafunsa kumene anaitenga, ankayankha mosabisa kuti anaitola pa nsalu.

Nkhani yake inali yakuti, iwo ali mnyamata, wansembe wina wa ku Italy anapachika nsalu yoyera pakhoma la tchalitchi, naliza jenereta, naonetsa kanema wa kwawo. Munalibe anthu enieni, zinali zithunzi zojambula pamanja. Munalibenso woyankhula ndi mmodzi yemwe, nyimbo zokhazokha, zija za azungu zoimbidwa ndi zipangizo zambirimbiri nthawi imodzi. Munali tauni ya nyumba zazitali, misewu yake madzi okhaokha, ndi munthu woonda wa chipewa chakuda akupalasa bwato choimirira. Anzawo ankaseka kutalika kwa mphuno yake. A Hilario sanaseke. Anabwerera kwawo nyimboyo ili m'mutu, ndipo tsiku limene anayamba kugwira ndodo za valimba, anayamba ndi kuifunafuna m'matabwa.

Kwa zaka zambiri imeneyi inali nkhani yosekera pa mowa. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Chaka china anaiimba pa chiliza, m'mawa mwake ng'ona inagwira mayi wina akutunga madzi. Anthu anayang'anana. Zopusa zedi, poti ng'ona za mu Shire zimagwira anthu chaka ndi chaka, valimba ilire kapena isalire. Koma munthu woferedwa safuna kumva zimenezo, amafuna dzina.

Kenaka kunabwera namondwe. A Hilario anali ataiimba pa ukwati, ndipo phwandolo lisanaiwalike madzi anatsika m'mapiri atasenza mitengo, ng'ombe ndi madenga. Anatenganso mwana wamkazi wa Paison, bambo woyandikana nawo nyumba, yemwe kale ankawathandiza kunyamula valimba popita ku maukwati. Mwanayo sanapezeke.

Kuyambira pamenepo njinga inaleka kubwera. Moni anayamba kugwera pansi wopanda womutola. Amayi akawaona akubwera ankakokera ana awo m'nyumba. Tsiku lina anapeza mulu wa maduka a njerwa m'mbali mwa njira yolowera pakhomo pawo, pomwe panalibe womanga aliyense. M'chigwa muno palibe amene sadziwa zimene zimachitikira nkhalamba ikatchulidwa kuti ndi mfiti. A Hilario anachita mantha. Wansembe uja anamwalira kalekale, ndipo mwa amene anaonera nawo kanemayo, ena anali kumanda, ena anasamukira kumtunda. Mboni inatsala inali pakamwa pawo pokha.

Mwana wawo Otilia, amene amagulitsa nsomba zouma pa msika wa Ngabu, anamva mphekesera zimenezi kwa ogula. Anatseka benchi lake n'kupita kwa Smart, bambo wina woika nyimbo ndi makanema m'mafoni a anthu. Anamufotokozera za tauni ya m'madzi ndi wopalasa wa chipewa chakuda. Smart anaseka, nati makatuni ndi a ana, komabe anafufuza pa intaneti mpaka anamupeza kanemayo, wakalekale, zithunzi zake zothimbirira.

Otilia anafika ku Ndamera dzuwa lili paliwombo. Akabaza awiri amene anabwera nawo kuchokera pa msewu anawauza kuti asachoke, adikire pamthunzi.

"Baba, kanema uja ndamupeza," anatero atakhala pa mphasa. "Zithunzi ndi zomwe zija mumanena. Koma tiyambe taonera tokha, pali china choti..."

"Nkhabe! Ayi!" anamudula a Hilario, nkhope itawala koyamba chichitikire chigumula. "Wobisa ndi amene ali ndi mlandu. Itana anthu onse. Paison asatsale."

"Baba, tandimverani kaye."

"Ndati itana, mwananga."

Anthu anabwera, poti Amang'anja ndi Asena angadane nawe bwanji, choonera sachikana. Anaunjikana pansi pa mtengo wa masawu. Otilia anatembenuza mtondo, natsamiritsa foni pamwamba pake, nalumikiza kasipika kakang'ono. Paison anaima kumbuyo, manja atapinda pachifuwa.

Kanema anayamba. Nazo nyumba zazitali zija, nawo madzi, naye wopalasa uja ndi mphuno yake yomweyo, osakalamba ngakhale pang'ono. A Hilario anasangalala mpaka misozi, ngati akumana ndi mnzawo wa paubwana amene ankamuyesa wakufa. Anatembenuka kuti aone anthu akuseka. Palibe ankaseka. Anthuwo ankaona madzi afika m'makomo, bwato likudutsa pomwe panayenera kukhala njira.

"Nanga awa sakuthawa bwanji?" anafunsa mayi wina chonong'ona.

A Hilario anatchera khutu kudikira nyimbo yawo. Anadikira pamalo paja pomwe imatsika n'kuyamba kukwawa. Sinatsike. Nyimbo ya mu kanemayo inali yopepuka, yothamanga, yoseweretsa, yoti ungavinitsire mwana pamiyendo. Apa ndi apo munkamveka kanthu kodziwika, monga muja umaonera chipumi cha agogo ako pa mwana wa msuweni, koma basi. Kanema anafika kumapeto, foni inada.

Apo m'pamene anazindikira. Zaka zonsezi nyimboyo ankaipinda osadziwa. Matabwa akakana mawu ena, ankaika ena. Akazi awo atamwalira anaichedwetsa. Chigumula chilichonse chimene anapulumuka chinasiyamo matope ake. Ya pa nsalu ija inatha pang'onopang'ono, m'malo mwake munamera ina.

"Kanema tamuona, madala," anatero Paison, mawu ake ali pansi, opanda ukali. "Kuti munamuonera tavomera. Koma nyimbo yake si imeneyo. Nanga yanu ija munaitenga kuti?"

Otilia anawatsina bambo ake pa mkono. Bodza linali pafupi, longotola: akanati kanemayu ngoduka, nyimbo yeniyeni ili mu gawo lina. Mwina likanawagulira nyengo imodzi. Koma chimene chinadzaza mtima wa nkhalambayo pa nthawi imeneyo sanali mantha. Chinali chimwemwe chopusa cha munthu amene moyo wake wonse ankadziyesa wobwereka, lero wauzidwa kuti katunduyo ndi wake.

"Ndiye kuti ndi yanga," anatero, akudabwa okha. "Palibe anandipatsa. Inachokera mwa ine ndemwe."

Chinali choonadi, ndipo pa mayankho onse a pansi pano panalibe loipa kuposa limenelo. Palibe anakuwa. Amayi ananyamula ana awo n'kumapita osatsanzika. Amuna sanabalalike, anangosuntha pang'ono n'kuima pamodzi, mitu itayandikana. Paison anatsala akuyang'ana pakhonde pomwe panali valimba itafundidwa chiguduli.

Otilia anatola foni, nakodola akabaza aja.

"Kwerani, Baba. Pompano."

"Nanga valimba?"

"Pa njinga pamakwana munthu, osati matabwa. Ndapota nanu, kwerani."

Anakwera ndi malaya omwe anavala. Amuna aja anawapatsa njira mosawayang'ana kumaso. Njinga zinalowa m'kanjira ka pakati pa mapira, ndipo asanapite patali anamva zingwe zomangira matabwa a valimba zikudulidwa kumbuyo.

Thabwa la valimba, ngakhale uliponye pansi mwaukali, limalirabe mawu ake. Linalira loyamba, laling'ono lija. Linatsatira linzake, kenaka lina, lililonse likugwera pa mulu, mawu akunka natsika. A Hilario ankalidziwa lililonse, mtengo umene linachokera ndi chaka chimene analisema. Otilia ankalira pa njinga ya kutsogolo, akukalipira wakabaza wake kuti apalase msanga. Wa a Hilario naye anaimirira pa mapedulo, fungo la utsi wochokera pakhomo paja litayamba kuwapeza.

Nkhalambayo inamugwira malaya kumsana.

"Pang'onopang'ono, mwanawe," anatero. "Latsala lalikulu. Ndilimve kaye."