Dzanja la a Lumo ndi mapiritsi owonjezera magazi

Ankawatchula a Lumo chifukwa kwa zaka makumi atatu ankameta anthu ndevu ndi lumo lopinda, osacheka munthu ngakhale kamodzi. Mpando wawo unali wapakona, moyang'anana ndi galasi lothetheka m'mphepete. Dzanja lamanja litayamba kunjenjemera, palibe anafunsa chimene chavuta. Anangoti amwa. Munthu woti mowa sanaulawepo chibadwire!

"Madala, lero mwadzukira m'botolo?" anatero mwini malo ometerawo, yemwe a Lumo anamuphunzitsa okha kugwira sizasi.

Kuchipatala adokotala anati ndi matenda a Parkinson. Ubongo unali utachepetsa kupanga dopamini, timadzi timene timachititsa dzanja kumvera mwini wake. Anawapatsa mapiritsi. Kalipentala wina amene ankakhala naye pamzere wa kuchipatala ankamwa omwewo, ndipo ankapala matabwa mpaka masana. Kwa a Lumo ankagwira maola awiri basi.

Achemwali awo, amene ankawasamalira chimwalirire mayi a kunyumba, anali ndi yankho kale. "Achimwene, mukudumphitsa mankhwala inu. Nanga akalipentala bwanji ali bwinobwino?"

Ndiye kuntchito anali chidakwa, kunyumba wabodza.

Adokotala atayeza magazi anati, "Bambo, simukunama. M'thupi mwa aliyense muli chinthu chophwanya dopamini ndi mankhwalawa, tingoti wosesa. Kwa ena wosesayo ndi waulesi. Wanu ndi wachangu, akusesa mankhwala asanafike kuubongo. Munabadwa naye, n'zochokera kwa makolo. Ndikuwonjezerani piritsi lomugwira mkono. Koma mkodzo usintha mtundu, ufiirira. Si magazi, musadandaule."

Za wosesa anakafotokoza kunyumba. Za mkodzo anasiya. Mwamuna wamkulu angakambe za mkodzo wake ndi mlongo wake?

Piritsi lachiwirilo linagwira. Milungu itatu dzanja linali zii. Kenako achemwali aja, potsuka chimbudzi, anaona zofiirazo. Sanafunse. Anathamangira kusitolo ya mankhwala n'kugula mapiritsi a ayironi, owonjezera magazi.

"Imwani limodzi ndi anuwo, achimwene. Ndi mavitamini."

Anamwa, m'mawa uliwonse. Kunjenjemera kunabwerera. Lachitatu lina anacheka khutu la mphunzitsi wopuma ntchito, kasitomala wawo wa zaka zambiri. Kabala kake kanali kakang'ono, koma khutu silisunga chinsinsi: magazi anadontha mpaka pakolala.

Mwini malo anawakokera kuseri, pamene ankayanika mathawulo. "Madala, ndakulekererani mokwanira. Loweruka ndikuonererani ndekha. Dzanja likangogwedera, mpandowo ndipatsa wina."

"Wina amene amadziwa makina okha?"

"Makina sanjenjemera."

M'mawa mwake a Lumo anasonkhanitsa mabotolo onse a pashelefu m'kajumbo, n'kukawakhuthulira patebulo la adokotala. "Onani nokha. Ndamwa zonsezi osaphonya. Akunyumba akandinenanso kuti ndine wabodza, muwauze inu."

Adokotala anatola botolo limodzi. "Awa anakupatsani ndani?"

"Mlongo wanga. Mavitamini."

"Ndi ayironi uyu. Amagwirana ndi mankhwala anu m'mimba, ambiri osalowa m'magazi. Komanso magazi anu ndi okwanira. Siyani lero lomwe."

A Lumo anafika kunyumba mpweya uli m'mwamba. Achemwali ankasita malaya pakhonde. Anawaikira botolo lija pafupi ndi simbi.

"Mavitamini anu awa."

"Nanga ndikanatani? Munthu mukukodza magazi, osanena!"

"Si magazi! Ndi utoto wa piritsi. Adokotala anandiuza tsiku loyamba."

"Anauza inu. Ine anandiuza ndani? Ndimatsuka chimbudzi chanu koma sindiyenera kudziwa?"

"Mukanafunsa."

"Mukanayankha?"

A Lumo sakanayankha, ndipo onse awiri ankadziwa. Koma mkwiyo sunathe. Aliyense anali ndi nzeru pa thupi lawo: wina botolo la mowa, wina botolo la ayironi. Wofunsa mwini thupi ndiye kunalibe.

Loweruka anamwa mapiritsi awo awiri ndi madzi okha, nayang'ana wotchi, nadikira mphindi makumi anayi asanatsegule lumo. Mwini malo anaima pakhomo atapinda manja. Makasitomala atatu anasankha makina. Wachinayi anali mphunzitsi uja, pulasitala ili pakhutu. Anapita molunjika pampando wapakona.

"Ndatsala ndi khutu limodzi labwino, a Lumo. Mulisamale."

"Khalani phee, aphunzitsi, ndipo musandiseketse."

Anapaka thovu, anakoka khungu ndi chala chachikulu, lumo linatsika kuchokera pakhutu mpaka pachibwano, kenako pakhosi. Anapukuta. Panalibe kadontho.

Mwini malo anakanda m'mutu. "Mwaona, madala? Mukasiya zija mumatha ntchito."

A Lumo anapinda lumo pang'onopang'ono. "Zija ziti? Tchula."

Mwini malo sanapepese. Anangopita kukasesa tsitsi.

Mpando unakhalabe wawo. Lumo amaligwira m'mawa mokha tsopano, mankhwala akadali ndi mphamvu, ndipo masana amameta ndi makina monga ena onse. Papepala lomata kuseri kwa chitseko cha chimbudzi cha kunyumba analemba okha ndi dzanja lomwelo: "Si magazi."