Maliro kunja kwa geti

Ku Woodlands, mu Lusaka, tinkachita lendi kanyumba ka kumbuyo, momwe kale munkagona antchito. Mwini wake anali mayi wopemphera kwambiri, amene m'mawa uliwonse ankakuwira Mulungu ngati Mulunguyo ndi gonthi. Tsiku lolowa anatipatsa pepala la malamulo. Ine ndinaphunzira kuwerenga imvi zitamera kale, kusukulu ya madzulo, ndiye ndinaliwerenga mokweza kuti andimve: osaweta nkhuku, osayanika zovala pampanda, osasonkha moto pabwalo, osasonkhanitsa anthu. Pa lamulo lomalizali mkazi wanga anandikoka malaya. Ndinasaina.

Mkaziyo ndinamuchotsa kwawo ku Chipata pomulonjeza nyumba yathuyathu. Anamwalirira m'nyumba ya eni.

Amayi a kutchalitchi kwa mkazi wanga anafika m'mawa n'kuyamba kutulutsa mipando, monga timachitira, kuti akazi akhale pansi m'nyumba, amuna panja pamoto. Mpando woyamba usanatere pa kapinga, mwini nyumba anatulukira, pepala lija lili m'manja. Anapepesa kaye, maso ali pa kapinga wake.

"Ba tate, malilo pano iyai. Munasaina mweka."

Anati masiku ano anthu ozindikira amalirira kutchalitchi, kenako aliyense kwawo. Ndinamufunsa ngati imfa nayo inasaina. Anangopinda pepala lake.

Mlamu wanga, mlongo wake wa malemu, woyendetsa minibasi, anafunsa ngati msewu nawonso ndi wa mayiyo. Sunali wake. Tinanyamula mipando, mphasa ndi nkhuni kupita nazo kunja kwa geti, m'mbali mwa mpanda, pafupi ndi ngalande. Pomwepo ndi pamene tinalirira mkazi wanga, m'fumbi, magalimoto a anthu ozindikira aja akuchepetsa liwiro kuti aonetsetse.

Mwini nyumba akafuna kutuluka ndi galimoto, ankadikira kuti amayi apinde mphasa. Amayiwo sankafulumira. Ankamaliza kaye nyimbo, ndime zake zonse, iye atagwira chiwongolero, akugwedeza mutu ngati akuimba nawo.

Titaika maliro anandiuza kuti ndisamuke, chifukwa utsi unamudetsera mpanda. Lamulo limenelo m'pepala munalibe, koma sindinatsutse.

Tsopano ndimagona ku Kaunda Square, m'chipinda cha mlamu uja. Mpandawo anaupaka penti, koma ndikadutsako mwaye umaonekabe. Mu Lusaka monse, ndi pokhapo pamene ndingaloze n'kunena kuti apa panali pa mkazi wanga.