Bulauzi Woyera wa Mayi Salome

Kwathu ku Biriwiri, munthu wamkazi akamwalira, oyamba kuitanidwa ankakhala Mayi Salome, amene akuluakulu ankawatchula ndi mfunda wawo kuti aNangozo. Anali amasiye, afupiafupi, olima kachewere ngati ife tonse. Koma kusambitsa maliro inali ntchito yawo. Ankati Mulungu anawapatsa mtima wosachita nseru, ndiye kukhala nawo pakhomo osaugwiritsa ntchito kukanakhala kumubera. Lachinayi lililonse ankavala bulauzi woyera wa amayi a mpingo, wosita ndi makala, ndipo bulauzi ameneyo ankamunyadira kuposa munda wawo.

Chaka china m'ma 1970, galimoto ya boma inadzatenga mphunzitsi wina, a Redson. Akuti anayankhula zosayenera za chipani. Kuyambira pamenepo mkazi wawo, Malita, anthu anayamba kumuthawa. Amayi amene ankaimba naye m'tchalitchi ankapatuka akamuona akubwera. Atadwala chifuwa, palibe anakamuzonda. Atamwalira, akulu a mpingo anatumiza mawu akuti Mkhristu asapondeko pa maliro amenewo, kuopa kuipitsa dzina la mpingo ku boma.

Mpaka lero zimandinyansa. Anthu amene pa maliro a wolemera ankalimbirana kukhala pafupi ndi bokosi, tsiku limenelo onse anapeza zochita kudimba. Ngakhale masamba osonyeza maliro panalibe wokaika pamsewu. Amayi ake a Malita, okalamba, anakhala okha pakhonde, ntchentche zikulowa m'nyumba.

A Salome anasita bulauzi wawo, ngakhale silinali Lachinayi. Anathyola nthambi n'kuziika pamsewu, kenako analowa m'nyumbamo ndi beseni. Nsalu yokulungira inachokera kwa Mayi Asiya, Msilamu wa golosale, amene sanafunse n'komwe kuti mwamuna wa malemuyo analakwanji. Manda anakumba ndi achibale ochokera tsidya la Mozambiki.

Lamulungu lotsatira, mkulu wa mpingo, a Silvester, anawaitanitsa.

"Inu aNangozo, mawu athu aja simunawamve?"

"Ndinawamva, bambo."

"Kupitako tikanakukhululukirani. Nanga yunifolomu munavaliranji? Bwenzi mutangofunda chitenje, anthu osadziwa kuti ndinu athu."

"Ine ndimapita ku ntchito ya Mulungu, bambo. Ndikanavala chiyani?"

Akulu a mpingo anawavula a Salome bulauzi, anawaletsa mgonero, n'kuwakhazika pa benchi ya kumbuyo pamodzi ndi ofulula mowa ndi a mitala. Anawauza kuti akadzaimirira pamaso pa mpingo n'kunena kuti analakwa, zonse zidzabwerera. Zinawapweteka kwambiri. Lachinayi ankatseka chitseko kuti asaone anzawo akudutsa. Koma mawu akuti "ndinalakwa" sanatuluke pakamwa pawo, ndipo kutchalitchi sanajombepo.

Patapita zaka, akazi awo a Silvester anamwalira ndi chilonda chimene chinawola mwendo wonse. Amayi a mpingo anabwera mbee, ataphimba mphuno ndi zitenje, n'kukhala panja kumaimba mokweza. Wolowa m'chipindamo panalibe. Inu mukuganiza kuti anatumiza uthenga kwa yani?

Ndikanakhala ine ndikanati mutu ukundiwawa. A Salome anapita. Anasambitsa thupilo, anamanga chilondacho ndi nsalu, anasita bulauzi woyera wa malemuyo n'kuwaveka bwinobwino, mabatani onse. Ponyamuka kupita kumanda, mtsogoleri wa amayi anawanong'oneza kuti, popeza alibe yunifolomu, ayende kumbuyo asasokoneze mzere.

Kumanda a Silvester anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Ndikuthokoza amayi athu a yunifolomu," anatero, "chifukwa chosamalira thupi la mnzawo mwachikondi, osanyansidwa."

Amayi aja anayankha pamodzi kuti, "Ameni." A Salome anali kumbuyo, paokha, chifukwa amene anaima pafupi nawo anali atasunthako kuthawa fungo la chilonda chija limene linawatsalira m'zovala.