Chitsime Chimene Tinakumba Kuseri kwa Nyumba

Nyumba yathu azungu anaimangira munthu mmodzi. Mwamuna mmodzi, bedi limodzi, mbaula pakona, basi. Mkazi ndi ana azitsala kumudzi, ngati kuti wantchito wa m'fakitale ya ku Msasa sakwatira ndipo sakalamba. Bambo analowamo ali mnyamata, atangofika kuno ku dziko la anthu a Chishona kuchokera kwawo ku Dedza. Chaka chimene ndikunenachi tinalimo anthu khumi ndi mmodzi, kuwerengera ndi ogona m'zisakasa zamatabwa zimene tinakhoma kuseri.

Nyumba za kuno n'zofanana zonse, mizeremizere ngati mabokosi a machesi, ndipo makoma ake amatuluka thukuta chaka chonse. Mayi wina wachikulire wa Chishona, woyandikana nafe, ankati makolo ake ankalima mpunga pamene pali msewu wathupa. Linali dambo. Azungu atadzitengera dothi lofiira la kumtunda, anathamangitsanso eni dambo, n'kulikwirira ndi zidutswa za njerwa ndi phulusa. Kamtsinje anakatsekera m'ngalande ya simenti, mabulugamu anawadzala kuti amwe madzi otsala, ndipo pansi anayala mapaipi adothi a zimbudzi, oyezera mimba imodzi pakhomo. Ine zonsezo zinkalowa khutu ili n'kutulukira linali. Ndinali ndi mwana wamkazi wa zaka zitatu ndi tebulo la tomato, mpunga wa makolo a eni ndikanatani nawo?

Kenako mpopi unauma. Sabata, mwezi, mpaka kangaude anamanga ukonde pakamwa pake. Ku mjigo ukapita m'mawa umabwerako dzuwa litapendeka, tomato atapsa yekha patebulo. Bambo, miyendo itayamba kale kuwakana, anatsimphina ndi ndodo kupita kuseri, pamene pankamera mlulu ndi udzu wosauma ngakhale m'chilimwe.

"Kumbani apa," anatero. "Kwathu dambo silinamiza munthu. Pali mlulu madzi ali pafupi, ndipo nthaka yasefa kale."

Amuna anga, amene amakhoma masofa ku Glen View, anakumba ndi mlongo wanga. Dzenje lisanafike m'khosi madzi anatumphuka, oyera ngati ogula m'botolo. Bambo, monga mkulu wa pakhomo, anatunga ndi kapu n'kulawa oyamba. "Ozizira ngati a kwathu," anatero. Ndinalulutira ine! Ndinalulutira mpaka mzere wonse unabwera ndi zigubu, ine n'kumayenda modzigomera ngati ndakumba ndi zikhadabo zanga.

Mayi wa Chishona uja anandikodola pampanda. "Mwanangu, mvura iyi, madzi awa, uziwiritsa. Dambo ili linafa kare, pansi pano pali tsvina, nyansi zokhazokha." Mumtima ndinati nsanje basi. Ndiwiritse ndi chiyani, magetsi kulibe, mabulugamu anthu anadula onse? Ndipotu mawa lake nayenso anabwera ndi ndowa yake.

Mvula yoyamba itagwa, madzi sanasinthe mtundu, sananunkhe. Chimandiwawa mpaka lero n'chimenecho, akanangonunkha. Lachitatu mwana anayamba kutsegula m'mimba. Pofika Lachinayi maso anali atalowa m'kati, khungu ukalitsina osabwerera. Ndinam'bereka kuthamangira kukiliniki, kumsana akupepuka ngati mtolo wa zovala, ine ndikumuitana dzina njira yonse kuti asagone. Anamuika dripi. Namwino anandifunsa kumene timatunga madzi, ndipo nditamuuza anangopukusa mutu n'kunena kuti mapaipi a m'dera lathu anang'ambika kalekale, amachucha pansi mosaoneka. Sanandikalipire. Akanandikalipira bwenzi nditapeza woyankhana naye.

Ndiye mkwiyo wonse ndinakautulira pa Bambo. Ndinawapeza atakhala pampando wawo pakhomo, osadya, akungobwereza kuti, "Ndinalawa ndekha, mwana wanga, ndinalawa ndekha." Ndinawauza kuti kuno si ku Dedza, kuti nzeru zawo zakumudzi zikundiphera mwana. Mawu amenewo sindinawabweze, ndipo anapita nawo kumanda chaka chotsatira.

Mwana sanafe. Tsiku lachisanu anamutulutsa, namwino n'kunditsina khutu kuti ndizimumwetsa madzi a mchere ndi shuga pafupipafupi, ndisaphonye. Tinafika pakhomo masana, dzuwa likuswa mtengo. Mpopi wouma gwa. Mjigo unali utathyoka dzulo lake. Kwa mkulu wanga ku Hopley nako zitsime zili m'mbali mwa zimbudzi. Kumudzi kothawirako tinalibe, Dedza ine ndimangomumva m'kamwa mwa anthu.

Ndinam'goneka pamphasa, milomo yake itang'ambika. Anandiyang'ana n'kunena chapansipansi, "Amayi, mvura."

Ndinapita kuseri, ndinachotsa lata limene amuna anga anavundikira pachitsime, n'kutsitsa ndowa. Nkhuni kunalibe. Ndinatenga nkhwangwa n'kuwaza mpando umodzi wa m'nyumba, ndinasonkha moto, ndipo ndinakhala chogwada kudikira kuti madziwo awire, ndikulira. Mipando tinali nayo iwiri yokha, ndipo mwanayo ankayenera kumwanso mawa ndi mkuja.